Unyolo Wodziluma Kumsana

Magetsi athima chiyambire dzulo kuno ku Ngabu.
Laputopu yatsala ndi mphindi makumi anayi,
ine ndatsala ndi mzere umodzi wokana kumvera.

Ndakhala pa mkeka pansi pa msawu,
thukuta likudonthera papepala,
likufufuta nambala yomwe ndinaivutikira Lachitatu.
Amalume, a Alufandika, akusoka thumba la thonje.
Afunsa kachitatu tsopano:
kodi sukulu yako yosathayi ndi ya chiyani?

Ndati, amalume, ndi ya mikanda yosaoneka.
M'botolo la ku labu muli timikanda ta akiriliki
tochuluka kuposa mchenga wa mu Mwanza m'chilimwe,
ndipo muli ulusi wanjala, wa mutu wamoto,
womeza mkanda, wina, winanso,
diso lisanaphethire.
Mitu iwiri yamoto ikagundana, maliro awiri pomwepo.
Wina wafa ali khanda,
wina wafa atatalika ngati njanji ya ku Marka,
ndipo phala lotuluka m'menemo silidziwika mtundu.

Ndiye timathiramo mkuwa pang'ono, mlezi wogoneka ana.
Amagwira mutu wamoto, n'kuuvundikira: gona.
Mwa zikwizikwi, mmodzi yekha ali maso,
adye mikanda iwiri itatu, agonenso,
mnzake adzuke.
Monga pamjigo paja:
aliyense chigubu chimodzi, abwerere kumbuyo,
dzuwa likamapendeka mitsuko yonse yalingana.

Nanga iwe, ntchito yako?
Kuwerenga nthawi, amalume.
Kugona kangati, kudzuka kangati,
kufa kangati pa sekondi imodzi,
kuti ndilosere kutalika kwa unyolo botolo lisanatsegulidwe.

Koma taonani apa.
Madontho awa ndinayeza ndekha ku Zomba,
usiku, malaya akununkha mankhwala.
Mzere uwu ndi wa masamu anga.
Pozizira zimayendera limodzi ngati ng'ombe zapagoli.
Ndikangokweza moto
mzere wanga umathawa, kukwera Thabwa wokhawokha,
madontho ali pansi ku Dyeratu, wefuwefu.
Miyezi isanu.
Aphunzitsi analemba ndi inki yofiira: pali chomwe wasiya.

Mphepo palibe. Mbuzi zatsamira khoma la bafa.
Mwaonanji, galu wa pakhomo pano,
amapita kukanunkhiza m'mbale ya mitu ya mlamba.
Waima pakati panjira,
wapinda thupi ngati chikwakwa,
wadziluma kumsana, pafupi ndi mchira,
mano kereketekerekete pa utitiri.
Mbale ili apo. Iye sakufikako.

Ndamuyang'ana mpaka ntchentche yanditera pamlomo.

Ndinaziwerenga chaka chachiwiri, n'kuziyesa zazing'ono:
unyolo ukamva kutentha umapindika,
mutu umafika pamsana pake pomwe,
n'kubudulapo haidirojeni,
moto n'kusamukira pakati pa thupi
pomwe umayaka monyinyirika,
nthambi n'kudzaphuka pamenepo, mochedwa, mwaulesi.
Sunafe ayi. Sunagonenso.
Wangotanganidwa ndi msana wake.

Ndawonjezera mizere iwiri ya masamu, zala zikuterera.
Batire: seveni peresenti.
Ndadina.

Mzere watsika phiri,
wawerama, wagunda dontho loyamba,
lachiwiri, lachitatu,
wapitirira ngati kabaza wodziwa makomo,
lachisanu ndi chinayi walilambalala pang'ono,
ngati munthu wozemba wangongole,
kenako galasi bii.

Sindinasunge.

Amalume adula ulusi ndi mano, alavula.
Zatheka?
Ndati, mundibwereke njinga mawa m'mamawa,
kwa a Nyamithambo kuli sola.
Ndalemba mizere iwiri ija pamkono ndi bolopeni,
pamwamba pa chigongono pomwe thukuta silifika msanga.
Ndatenga mutu wa mlamba waukuluwo
ndamuponyera Mwaonanji.

Dontho lachisanu ndi chinayi lija
ndigona nalo pamkeka usiku uno.